Tifunseni za Maimbidwe: Tikafika pa kolasi mpingo umandisiya ndekha

Takulandiraninso nonse a kwaya, a praise team ndi inu amene mumangouzidwa pompopompo kuti tayambitsani nyimbo. Mwezi uno mafunso ambiri pa WhatsApp achokera kunyanja, Salima ndi Nkhotakota, ndipo akuzungulira pa nkhani imodzi yomweyo ya kiyi, kutanthauza pamene nyimbo yaikidwa, kaya pamwamba kaya pansi, nde ndati tiikambe yonse lero.

FUNSO: Aphunzitsi, ine ndimatsogolera nyimbo pa tchalitchi chathu kuno ku Dwangwa. Vuto langa ndi loti ndikayambitsa nyimbo anthu amayamba nane bwinobwino koma tikafika pa kolasi pamene pamakoma penipeni ndimapezeka ndatsala ndekha ndi atsikana awiri a pa maiki, mpingo wonse zii kumangowomba m'manja basi. Nyimbozo timaphunzira pa YouTube ndipo kiyi timatsata yomweyo ya mwini wake. Mkulu wa mpingo wina anandiuza kuti ndimakweza kwambiri koma ine pakhosi sipandipweteka olo pang'ono. Kodi vuto ndi ine kapena anthu kwathu kuno ndi aulesi poimba? Wotsogolera nyimbo, Dwangwa.

YANKHO: Achimwene, mkulu wa mpingo uja wakuuzani zoona ndipo mukamuthokoze. Anthu a ku Dwangwa si aulesi ayi, ndi omwewo amene amachezera kuimba pa maliro mpaka tambala kulira opanda maiki opanda sipika. Ngati anthu oterewa akukhala chete pa kolasi yanu nde kuti nyimboyo mwaiika pamene iwo sangafike.

Zoti inuyo pakhosi sipapweteka ndikukhulupirira. Mawu anu mwina ndi a tenala, komanso mumaimba katatu kanayi pa sabata, khosi linazolowera. Koma taonani amene akhala pa mabenchi. Pali bambo amene sabata yonse anali m'munda wa nzimbe, pali agogo, pali mayi amene ali ndi mwana kumbuyo, pali ana a Sande sukulu. Abambo ambiri mawu awo si a tenala komanso si a besi yeniyeni, ali pakatikati, chimodzimodzinso amayi ambiri si a sopulano yapamwamba. Nde kiyi ya pa YouTube ija anaisankha kuti mawu a woimba mmodzi amveke mokoma mu situdiyo, sanaganizireko za mpingo wanu.

Tiyeni tipite pa kiyibodi kuti muone ndi maso. Makiyibodi ambiri a m'matchalitchi mwathu muno, kaya ndi Yamaha kaya Casio, amakhala ndi mabatani 61 oyera ndi akuda pamodzi. Akudawo amakhala awiri, kenako atatu, awiri, atatu, choncho mpaka kumapeto. Loyera limene lili kumanzere kwa akuda awiri aja ndi C, ndipo mukawerenga ma C kuchokera kumanzere, wachitatu ndi amene timati C wapakati. Mpingo wamba umaimba momasuka kuyambira pa C ameneyu kukwera mpaka C wotsatira kapena D wa pambali pake. Kumunsi utha kutsika mpaka B flat (batani lakuda la kumanzere kwa B) kapena A, kumwamba utha kukhudza E flat mongodutsa, osati kukhazikikapo. Awo ndi malire a amayi ndi ana, abambo amaimba manoti omwewo koma okitevu imodzi pansi (okitevu ndi mtunda wonga wochoka pa C kufika pa C wotsatira), ndipo izi zimachitika zokha popanda wowauza.

Tsono inuyo mukamatsata woimba wamwamuna wa mawu okwera, kolasi yake imakafika pa G kapena A wa pamwamba pa C wapakati. Bambo wa pa benchi amathera pa D kapena E, nde G ameneyo amupeza bwanji? Amayi naonso akati aimbe okitevu pamwamba pa inu ngati mmene anazolowerera, noti yake ndi ya kumwamba zedi yoti olo a sopulano a mu kwaya amaichita kukonzekera. Akati atsike aimbe pamodzi nanu, pa kolasi zimatheka koma mukabwerera ku vesi inu mumatsika pansi pamene iwo mawu satulukanso. Nde munthu amangokhalira kusintha, pena pamwamba pena pansi, mapeto ake amatopa n'kuyamba kuwomba m'manja. Chete amene mukumumvayo amachokera pamenepo.

Ndikuuzeni zimene ndinaona pa tchalitchi china kufupi ndi Chia mwezi wa June, mwera ukuwomba, mapemphero a m'mamawa. Ndinakhala dala benchi ya kumbuyo. Kutsogolo kwanga kunali mayi wachikulire atafunda chitenje mpaka kumutu, nyimbo amaidziwa yonse pamtima ndipo vesi yoyamba anaimba mwamphamvu mpaka ine kumamva mawu ake kuposa sipika. Itafika kolasi ndinaona akukweza chibwano, misempha ya m'khosi kuonekera, anayesa mzere woyamba, wachiwiri mawu anaduka, kenako anangotseka pakamwa n'kuyamba kugwedeza mutu. Ulendo wachiwiri sanayesenso. Zinandikhudza kwambiri chifukwa mayiyu anayenda mtunda mu mphepo imene ija kuti adzaimbire Mulungu wake, ndipo chomwe chinamuletsa ndi chinthu choti mnyamata wa pa kiyibodi akanakonza ndi chala chimodzi. Titaweruka ndinapempha a kwaya kuti tiyesenso nyimbo yomweyo titatsitsa masitepe atatu (sitepe ndi batani limodzi, loyera kapena lakuda), amayi amene amasesa mu tchalitchi anayamba kuimba nawo osaitanidwa.

Chochita chake ndi ichi. Musanaphunzitse nyimbo yatsopano khalani pansi ndi wa kiyibodi, muimbe nyimbo yonse pang'onopang'ono iye akusaka manoti a nyimboyo ndi chala chimodzi, osati makodi ayi. Mupeze noti yokwera kuposa zonse ndi yotsika kuposa zonse. Yokwerayo muiike pa D, ikavuta pa C. Mwachitsanzo nyimbo ili mu kiyi ya C ndipo noti yapamwamba ndi G, kuchoka pa G kutsika kufika pa D ndi masitepe 5 mukamawerenga mabatani onse oyera ndi akuda, nde nyimbo yonse itsike masitepe 5, kiyi yatsopano ikhala G. Mukatero muonenso kumunsi ngati vesi sinamire kupyola A.

Pali chinanso chimene ambiri saganiza. Noti yapamwamba kuikhudza kamodzi n'kutsika si vuto kwenikweni. Chimene chimatopetsa ndi nyimbo yoti kolasi yonse yakhazikika pa C ndi D osatsikako, kenako inu mwaibwereza ka 8 chifukwa Mzimu wakugwirani. Nyimbo yotero itsitseninso sitepe imodzi kapena awiri kuposa mmene lamulo lija likunenera. Ndipo mapemphero a 6 koloko m'mawa si ofanana ndi a masana, m'mawa khosi limakhala lisanatseguke makamaka nyengo ya mwera, nde nyimbo yoyamba ikhale yofatsa yosakwera.

Nyimbo zina za masiku ano zimayamba pansi penipeni kenako woimba amalumpha okitevu yathunthu pobwereza kolasi. Zimenezo palibe kiyi imene ingakwanire mpingo, mukatsitsa kumwamba kumunsi kumamira, mukakweza kumunsi kumwamba kumathawa. Mungosiya kulumphako, kolasi muiimbe pamalo amodzi ulendo wonse, mphamvu ibwere ndi ng'oma ndi mawu a besi. Ngati mukuona kuti popanda kulumpha nyimboyo yafa, imbani inu a praise team ngati nyimbo yapadera anthu atakhala pansi, palibe cholakwika.

Ndikudziwa kuti mukatsitsa mawu anu samveka owala ngati kale, mwina mudzamva ngati nyimbo yazizira. Pirirani masabata awiri atatu. Pa vesi ina chotsani maiki pakamwa mumvere kumbuyo, mukamva abambo akuimba nde mwaipeza kiyi.

FUNSO: Bambo, ife ndi amayi a chigwirizano kuno kwa Khombedza, tilibe kiyibodi, timaimba ndi pakamwa basi. Ine ndi amene ndimayambitsa nyimbo koma tsiku lina ndimayamba pamwamba anzanga kumandiyang'ana, tsiku lina pansi kwambiri mpaka kuyambiranso, manyazi ake osanena makamaka pa maliro. M'buku lina la nyimbo la manoti ndinaona pamwamba analemba kuti Doh is G, kodi zimenezi zingandithandize? Mayi woyambitsa nyimbo, Salima.

YANKHO: Mayi, zikomo pofunsa, ndipo dziwani kuti ntchito yanuyi ndi yovuta kuposa ya amene ali ndi zida, chifukwa kiyi yonse ili pakhosi panu.

Mawu aja akutanthauza kuti d wa nyimboyo, do uja wa do re mi, akhale pa noti ya G. Ngati pagulu panu pali amene ali ndi foni ya intaneti, pali ma app a piyano aulere, mutha kudina G mwakachetechete pafupi ndi khutu musanayambe. Koma musaiwale kuti si nyimbo zonse zimayambira pa d, zambiri zimayambira pa s (so) kapena pa m (mi), nde mukamva G uja muimbe kamtima d m s kenako mupeze poyambira. Komanso mabuku ambiri akale anaika nyimbo pamwamba poganizira kwaya ya mawu anayi, nde kwa gulu la amayi a misinkhu yosiyanasiyana si tchimo kutsitsa G kukhala F.

Popeza sol-fa mumaidziwako, ndikupatseni chinsinsi chimene chimandithandiza ine. Dzina la kiyi palokha silinena kuti nyimbo ndi yokwera kapena yotsika, zimatengera kuti nyimboyo imayenda kuchokera pati kufika pati. Nyimbo imene imayambira pa s wapansi n'kukathera pa s wapamwamba imakhala bwino d akakhala F kapena G. Ikamakafika pa l (la), sankhani F. Koma nyimbo yoyenda kuchokera pa d kufika pa d wapamwamba, mukaiika mu G mwapha anthu, imeneyo ndi ya C kapena D. Yofika mpaka m wapamwamba itsike ku B flat. Ndipo ija yotambalala, yochokera pa s wapansi mpaka d wapamwamba, malo ake ndi D kapena E flat basi, kwina konse mbali imodzi ilira.

Nanga pa maliro pamene simungatulutse foni? Apa chitani chonchi, musayambe ndi mzere woyamba m'mutu mwanu. Yambani mwang'ung'udza chamumtima mzere umene uli wokwera kwambiri mu nyimboyo, muuike pamene khosi lanu likumasuka osakweza chibwano, kenako mutsike nawo mpaka poyambira nde mutulutse mawu. Zimatenga kanthawi kochepa kwambiri, anthu saona n'komwe. Ambiri amalakwitsa chifukwa mzere woyamba amauika pamene pakuwakomera, osakumbukira kuti kutsogolo kuli phiri.

Kumbukiraninso kuti mtima ukamathamanga, kaya ndi mantha kaya chisoni, munthu amayamba pamwamba kuposa mmene amafunira. Pumani kaye kamodzi mokoka. Ndipo usiku wa pa maliro ndi wautali, nyimbo za pakati pa usiku muziyambe motsikirapo kuti mawu akafike m'mawa, koma osati pansi kwambiri chifukwa nyimbo yofatsa yopanda zida imakonda kutsika yokha vesi ndi vesi anthu akatopa. Mukalakwitsa, kuimitsa n'kuyambiranso pa mzere woyamba si manyazi mayi, ndi bwino kusiyana ndi kuwakoka anzanu mavesi asanu akuvutika.

FUNSO: Akulu, ine ndimaimba kiyibodi pa tchalitchi china pa boma pa Nkhotakota. Kunena zoona ndinaphunzira ndekha ndipo kiyi imene zala zanga zimayenda bwino ndi F sharp basi, C pang'ono. Wotsogolera akati tsitsa ndimasowa chochita nde nyimbo zonse timangoimba mu F sharp. Anzanga ena amati kugwiritsa ntchito Transpose ndi ulesi. Ndipange bwanji? Wa kiyibodi, Linga.

YANKHO: Aise, dina Transpose ameneyo Sande likubwerali, usadikire. Batani limenelo analiika kuti ligwire ntchito, ndipo kuzunza mpingo wonse mu F sharp chifukwa choopa kunenedwa ndi anzako awiri si nzeru. Ukadina kamodzi kupita ku minus nyimbo yatsika sitepe imodzi, zala zili pomwepo. Kuchoka pa F sharp, minus 1 ndi F, minus 2 ndi E, minus 3 ndi E flat, minus 4 ndi D, plus 1 ndi G. Lemba manambala amenewa pa kapepala pambali pa dzina la nyimbo iliyonse, umate pa kiyibodi.

Koma zinthu ziwiri usaiwale. Choyamba wa besi gitala ndi wa lead uziwauza kiyi yeniyeni imene ikumveka, osati imene zala zako zikugwira, apo ayi wina aimba F sharp wina D chisokonezo chake anthu mpaka kutembenuka. Chachiwiri nyimbo ikatha bweza Transpose pa 0 kapena pa nambala ya nyimbo yotsatira, ndaonapo kangapo nyimbo ya chopereka ikuyamba pansi modabwitsa chifukwa munthu anaiwala minus 4 ya nyimbo yapitayo.

Anzako aja pang'ono akunena zoona. Tsiku lina udzapita ku ukwati kapena ku msonkhano kumene wotsogolera adzayamba yekha nyimbo osakuuza kiyi, ndipo kusaka ndi batani anthu akumva sizikhala bwino. Nde uziphunzira kiyi imodzi yatsopano pa mwezi, yamba ndi G, kenako F, kenako D, makodi atatu aja a 1, 4 ndi 5 kuonjezerapo 6, chaka chisanathe ukhala utayenda patali. Wa gitala ya mabokosi naye umuuze za kapo, kachipangizo kopanira zingwe pa khosi la gitala, fret iliyonse imakweza sitepe imodzi, nde akagwira makodi a G kapo ili pa 3 zikumveka ndi B flat, makodi a D kapo pa 1 ndi E flat. Kapo imangokweza sitsitsa, akafuna kutsitsa asinthe magwiridwe.

Ndipo poti uli pa kiyibodi ndikupemphe chinthu chimodzi, chizolowezi chija chokweza nyimbo sitepe imodzi pa kolasi, kenako inanso, kenako inanso. Chimakoma inde, ine ndemwe ndimachikonda, koma werengera. Nyimbo imene noti yake yapamwamba inali D, ukaikweza katatu yafika pa F, mpingo watsala m'mbuyo. Ngati mwapangana kuti mukweza kawiri, yambirani masitepe awiri pansi.

FUNSO: Ine ndi mtsikana, mawu anga ndi a alto ndipo ndimakonda kuimba motsika. Ndikatsogolera amayi amaimba bwino koma abambo amangong'ung'udza. Kodi nawonso ndi nkhani ya kiyi? Senga Bay.

YANKHO: Eya chemwali, ndi yomweyo koma yotembenuza. Inu mukamatsika mpaka G kapena F wa pansi pa C wapakati mawu anu amamveka okoma zedi, koma abambo amene akuimba okitevu pansi pa inu afika kumene kumangotuluka mpweya, ndipo akati akwere aimbe pamodzi nanu kolasi imawakanika. Kwezani nyimboyo masitepe awiri, atatu, mwina anayi, kuti noti yotsikitsitsa isapyole A kapena B flat. Njira ina ndi yoti vesi yotsikayo muimbe nokha ngati mmene timachitira mwa chikhalidwe chathu, wina kutsogolera ena kuvomera, koma kiyi muisankhe poyang'ana mbali imene mpingo ukuvomera. Pokonzekera itanani bambo mmodzi wa mu mpingo amene sali mu kwaya, aimbe nanu, iyeyo akuuzani zoona msanga kuposa a tenala anu.

FUNSO: Sande lililonse ndikaweruka mawu amakhala atasasa mpaka Lachiwiri. Ena akuti ndizidya ginger, ena akuti mazira aawisi. Chothandiza ndi chiti? Wa praise team, Chipoka.

YANKHO: Mazira aawisi asiyeni, chakudya sichidutsa pamene pamatuluka mawu, ndipo mutha kudwala nawo m'mimba. Tiyi wa ginger wofunda amafewetsa pakhosi koma sachotsa chimene chikukupwetekani. Kusasa kwa sabata ndi sabata kumabwera chifukwa chokuwa, ndipo munthu amakuwa pamene kiyi yakwera kapena pamene sakudzimva chifukwa zida zaphokosera. Nde tsitsani nyimbo monga ndafotokozera a ku Dwangwa aja, muuze wa pa mikisa atsitse kiyibodi ndi ng'oma m'malo moti inu muzilimbana nazo, ndipo muzimwa madzi ambiri kuyambira Loweruka chifukwa kutentha kwa ku Chipoka mwezi wa October thukuta lokha limakuumitsani. Musanakwere kutsogolo ng'ung'udzani kaye mphindi zisanu motsika. Mawu akasasa apumitseni, osanong'ona ayi chifukwa kunong'ona nako kumatopetsa khosi. Koma akakhala osasa kupyola masabata atatu olo mwapuma, kapena mukumva kupweteka pomeza, pitani kuchipatala akakuoneni, musadikire kuti msonkhano wa Pasaka udutse kaye.